Chubu cha Che Bwanali

Ikani pansi timafoni tanuto, ana inu. Iwenso Mphatso, ndikukuona, wabisa kako m'thumba koma chala chikuyendabe. Dzulo Tadala anauza alendo aja kuti akufuna kudzakhala dokotala ngati agogo ake, nonse n'kuomba m'manja. Ine ndinaseka nanu, koma mumtima munandiluma. Ndiye lero, poti mvula yatitsekera pakhonde pano, ndikuuzeni za agogo anuwo, zimene ngakhale amayi anu sazidziwa.

Choyamba, ine sindinali dokotala wa madigiri aja. Ndinali kiliniko ofesala. Koma kunyanja kuno aliyense wovala gauni yoyera ndi adokotala, ngakhale wosesa atangoivala pothawa mphepo. Ntchito imene ndinatchuka nayo inali ya matenda a njira ya mkodzo. Eya, sekani, ndimadziwa kuti museka. Pamene ndinkafunsira agogo anu aakazi, amalume awo ankati, "Iwe ukwatiwe ndi bambo wa mikodzo uja?" Patapita zaka, amalume omwewo anatulukira kuchipatala m'mamawa, atagwira pamimba, akuyenda ngati bakha, akufunsa kuti mkamwini wawo ali chipinda chiti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinakulira pafupi ndi kwa Mponda, pamene Shire amatulukira m'nyanja. Kwathu tinali akhristu a ku mishoni, nyumba yoyandikana nayo inali ya Asilamu, ndipo m'menemo munali mnzanga Bwanali. Ife awiri tinali chala ndi mkanda. Tinkasamba limodzi m'mabango, kutchera miono limodzi, kukwapulidwa limodzi tikaba mango. Iye ankandiphunzitsa kutukwana m'Chiyao, ine ndinkamulembera masamu.

Masiku amenewo mnyamata akakodza magazi ankanyada. Tinkati ndiye kukula kumeneko, ndipo wokodza zoyera tinkamuseka kuti akadali khanda. Tinkaima pamzere pamchenga kuonetsana kuti wofiiritsa ndani, ndipo Bwanali ankapambana tsiku lililonse. Sitinkadziwa kuti ndi likodzo, kuti tizilombo tochokera mu nkhono za m'madzi tikutidya chikhodzodzo pang'onopang'ono n'kusiya zipsera zodzativutitsa tikadzakalamba. Inu amakupatsani mapiritsi kusukulu, mumameza mukudandaula kuti akukuzunguzani mutu. Ife mankhwala ake anali majakisoni ambirimbiri, masiku otsatizana, ndipo ambiri tinkathawa tikalandira awiri.

Ine ndinapitiriza sukulu, Bwanali anatsata amalume ake kukapha nsomba ku Nkhudzi. Kumeneko anakhazikika, anakwatira Abiti Saidi, anagula chilimira, ukonde waukulu uja wa utaka, ndi maboti awiri. Anthu anayamba kumutchula Che Bwanali, ine n'kusanduka adokotala, ndipo tinasiya zoitanana kuti iwe. Tikakumana tinkati achimwene. Chaka chilichonse ankanditumizira mtanga wa chambo chowamba, osaphonya.

Zida zimene tinkagwiritsa ntchito kale mukanaziona mukanathawa. Masirinji anali agalasi, tinkawawiritsa mumphika ngati mbatata. Machubu otulutsira mkodzo anali amphira yofiira, ukachotsa kwa uyu kutsuka, kuwiritsa, mawa kuika kwa wina, mpaka mphirayo itafewa ngati ya legeni. Lero zonse zimabwera m'mapepala, kugwiritsa kamodzi n'kutaya. Ndiye panali zitsulo zanga, zazitali, zopindika kumapeto, zokhala m'kabokosi kathabwa. Zimenezo n'zotsegulira njira ya mkodzo ikatsekeka. Anandiphunzitsa dokotala wina wokalamba, munthu wosalankhulalankhula. Ankagwira dzanja langa ndi lake n'kunena kuti chitsulo sachikankha, chimadziyendera chokha, iwe ungochiperekeza ndi zala ziwiri. Ndikangolimbitsa dzanja ankandimenya pachigongono.

Ndipo ndinkatha, ana inu, pamenepo sindinganame. Manja anga ankamva njira imene maso sangaione. Ndikukumbukira ulendo wina wa ku Katuli, panthawi ya dzinja ngati ino, panjinga yakapalasa, kabokosi nditamangirira kumbuyo ndi luzi. Pamitsinje ndinkasenza njingayo pamutu. Ndinakapeza mkulu wina atagona pamphasa masiku awiri osakodza, mimba itatupa, abale atayamba kale kunong'onezana za nsalu yoyera. Chubu chitalowa, mkodzo n'kuyamba kutsika m'beseni, mkulu uja analira misozi ngati mwana. Pobwerera anandimangirira nkhuku ziwiri pahandulo, ndipo zinandijompha m'maondo njira yonse. Masiku ngati amenewo analipo ambiri. Ndi omwe anandikulitsa mutu.

Tsono mumvetse chinthu chimodzi cha kwathu kuno. Mwamuna akamakalamba, kachiwalo kena kamene kali pakhosi pa chikhodzodzo kamakula n'kufinya njira. Ndiye odwala anga ambiri anali madala, eni mabanja, ena mashehe, ena akulu a mpingo. Ndipo munthu wamkulu savula pamaso pa mwana. Akafika pabenchi ankalola anzawo kudutsa, iwo akudikira kuti aone imvi zanga. Akamva kuti ndachoka, ena ankanyamuka kubwerera kwawo ndi ululu wawo, ndipo alipo amene anakafera kumudzi chifukwa cha zimenezo. Kwa ine ankamasuka. Ndinkawayamba ndi nkhani za mphepo ya mwera ndi mitengo ya maukonde, ndikawaseka pang'ono m'Chiyao, akamazindikira ndatha kale kuwayeza.

Nthawi yopuma pantchito itakwana, akuluakulu a chipatala, dzina lake ndisatchule, anandipempha kuti ndikhalebe. Panalibe wina wodziwa ntchitoyi. Madokotala enieni a matenda amenewa ndi owerengeka, ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo amene ndinkawadziwa ine anali imvi mbuu ngati ine ndemwe. Achinyamata akamaliza sukulu ankasankha za ana, za maso, za azimayi. Ndani angakonde kukhala ndi fungo la mkodzo moyo wake wonse? Choncho ndinavomera, ndipo kukhalako sikunali kulakwa. Koma anandipempha zinthu ziwiri, kuti ndizithandiza odwala ndiponso kuti ndiphunzitse wodzalowa m'malo mwanga. Ine ndinamva choyambacho basi.

Ananditumizira Esinati, mtsikana wa ku Ntcheu, kiliniko ofesala ngati ine, wamfupi, wolankhula motsitsa. Iyeyo anachita kuipempha yekha ntchito imene anzake ankaithawa. Tsiku loyamba ndinamuona akumanga ulusi posoka bala, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti mwanayu ali ndi manja. M'malo mosangalala, ndinachita mantha.

Ndinkamupatsa ana a likodzo, azimayi, ndi zolembalemba. Akalowa mdala ndinkati, "Mwanawe, kadikire panja, akuluakulu akuvula." Ankatuluka mwaulemu n'kukaima pakhonde. Akandifunsa madzulo kuti, "Adokotala, nanga ine ndidzaphunzira liti za zitsulozi?" ndinkayankha kuti mwambo wa kuno ndi wovuta, aleze mtima. Linali bodza lovala mwambo. Madala aja ankandimvera ine. Ndikanangonena kuti, "Bambo, uyu ndi mwana wanga pantchito, ndamuphunzitsa ndekha, ine ndikhala pompano," ambiri akanalola, enawo akanatsatira anzawo. Ntchito ya munthu wa imvi pamalo ngati aja inali imeneyo. Koma ndinkakonda kumva pabenchi akuti, "Tikufuna adokotala aakulu aja." Zaka zitatu mwana wa eni anaima pakhonde. Ankaphunzira mwakuba, ine ndikachoka, kapena akabwera madokotala oyendera ochokera ku Blantyre.

Iwe Tadala, usandiyang'ane choncho, sindinafike n'komwe.

Kunjenjemera kwa manja anga kunayamba ndi kapu ya tiyi. Ndikainyamula pasosala inkalira ngwengwengwe. Ndinasiya kumwa tiyi ndi anzanga pantchito, ndikuti shuga wandikwera. Kenako mabatani a malaya anayamba kundithawa. Ndinkayenda manja ali m'matumba a gauni, anthu n'kumati ndi matama a udokotala. Agogo anu aakazi anaona, paja iwo saphonya kanthu. Tsiku lina akundimangira batani la pakhosi anati, "Bambo a Gire, manjawa atopa. Bwanji osapuma anthu akadakuyamikani?" Ndinawakalipira kuti za kuchipatala sazidziwa, asamale za kudimba. Esinati nayenso anaona. Sananene, ankangoti, "Adokotala, ndisoke ine, inu mupumuleko." Ndinkamulanda singano.

Linali Lachisanu m'mamawa, nyengo yozizira, mwera ukuomba moti asodzi sanalowe m'madzi sabata yonse. Ndinamva phokoso pakhonde, ndipo potuluka ndinapeza akutsitsa munthu pagalimoto ya matola. Anali Che Bwanali, atagwiriziridwa ndi akazi awo, Abiti Saidi. Nkhope inali itachita phulusa. Masiku awiri osakodza, mimba yolimba ngati chipanda.

"Achimwene, ndafika m'manja mwanu," anatero.

Tinawagoneka pabedi m'chipinda changa. Esinati anali atavala kale magolovesi, akukonza zida patebulo. Ine ndinayamba kuvala anga, ndipo chala chimodzi chinkakana kulowa. Che Bwanali anandiyang'ana, anayang'ana Esinati, kenako anati, "Achimwene, mwana uyu ndi msinkhu wa mdzukulu wanga. Ndivule iye ali pompa?"

Esinati anayankha motsitsa, akuyang'ana ine. "Adokotala, ndingoima kumutu kwawo, ndizikupatsirani zida. Sindiyang'ana."

"Wamva zimene anena akuluakulu," ndinatero. "Tuluka."

Anavula magolovesi n'kutuluka. Ine ndinatseka chitseko, ndipo ndinakoka ndi loko yemwe.

Ndinayamba ndi chubu chofewa. Chinalowa pang'ono n'kuima. Ndinayesa chocheperapo, chimodzimodzi. Njira inali yofinyika ndi kachiwalo kaja, kuphatikiza zipsera zakale. Pamenepo munthu wanzeru amasiya. Pali njira ina yosavuta, yoboola pang'ono pamimba m'munsi mwa mchombo n'kuika chubu molunjika m'chikhodzodzo, munthu apume, zotupa ziphwe, njirayo mudzaione bwino sabata ina. Ndinkaidziwa, ndinali nditaichita kambirimbiri. Koma inkafuna singano yaitali ndi dzanja lokhazikika, ndiponso munthu wachiwiri wothandiza. Kutanthauza kuti nditsegule chitseko chija.

M'malo mwake ndinatsegula kabokosi kathabwa.

Nditanyamula chitsulo, nsonga yake inkavina. Ndinagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere kuti ukhazikike, ndipo potero zala zinasiya kumva njira. Chitsulo chitaima, ndinachita chimene mphunzitsi wanga ankandimenyera pachigongono. Ndinakankha. Ndinamva chikupyola, koma osati kupyola kwa njira yotseguka. Kunali kung'ambika. Mkodzo sunabwere, kunabwera magazi. Che Bwanali anavula kofia yawo n'kuiluma, osatulutsa mawu.

Panamveka kugogoda. "Adokotala, zili bwanji?"

"Zili bwino," ndinayankha.

Ndinayesanso kachiwiri, ndi chitsulo china. Chinatsata bala lomwe lija n'kulikulitsa. Thukuta linkandilowa m'maso m'nyengo yozizira. Ndinadziuza kuti kamodzi kokha, ndikapeza njira palibe adzadziwe. Ndinayesa kachitatu. Ana inu, munthu amene anagona pabedipo ndi amene anandinyamula kumsana tili anyamata nditaponda minga ya nsomba ya nkholokolo, ndipo ine ndinkamubaya ndi chitsulo kuti mtsikana wa zaka makumi awiri ndi mphambu zingapo asaone dzanja langa. Palibe dzina lina lokongola limene ndingaipatse nkhaniyi.

Che Bwanali atayamba kunjenjemera thupi lonse, maso akutembenuka, Abiti Saidi akulira panja, m'pamene ndinakoka loko uja.

Esinati analowa. Anayang'ana beseni la magazi, anayang'ana manja anga. Anatenga nsalu yoyera n'kuwafunditsa Che Bwanali kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, ina kuyambira pachifuwa mpaka pamchombo, n'kungosiya kamalo kochepa ngati chikhatho. Anati, "Agogo, ndikubayani kajakisoni kochititsa dzanzi, mupirire pang'ono." Anaboola, anaika chubu, mkodzo unayamba kutsika m'thumba lapulasitiki. Sizinatenge nthawi yophika tiyi. Sanaone chilichonse chimene mwana sayenera kuona. Zaka zitatu ndinkamuimika pakhonde m'dzina la ulemu, pamene ulemuwo unkangofuna nsalu ziwiri.

M'buku la wodwala ndinalemba kuti njira inali yotsekeka kale ndi zipsera za likodzo. Zinali zoona, koma theka. Esinati anawerenga ndili pomwepo, anatseka bukulo, n'kunena mawu atatu okha: "Mukanandiitana koyamba kuja." Ndinamuuza kuti akadali mwana, adzamvetsa akadzakula. Mpaka lero mawu angawo ndikawakumbukira ndimafuna kulowa pansi.

Che Bwanali anatupa, anatentha thupi sabata ziwiri, tinkaona ngati tiwataya. Atapezako bwino tinawatumiza ku Blantyre. Kumeneko anadikira miyezi, poti dokotala wa ntchitoyi anali ndi mzere wautali wa anthu ochokera m'maboma onse, nayenso munthu wachikulire wotopa. Anawachita opaleshoni, koma chipsera cha bala langa chinali chachitali, njira inatsekekanso. Anawauza kuti chubu cha pamimba chija ndi chawo mpaka kalekale, azingosintha mwezi ndi mwezi.

Ine ndinasiya ntchito kumapeto kwa mwezi womwewo, ndikuti maso andifooka. Anandikonzera phwando, kunali mpunga wa nyama ya mbuzi, anandipatsa bulangete ndi wotchi yapakhoma, iyo ili m'nyumbayo imene mumati imachedwa. Analankhula anthu asanu ndi mmodzi, aliyense kutamanda manja anga. Esinati ankagawa mbale.

Anayesetsa mwana uja. Anakhala chaka chimodzi ine nditachoka, koma madala akasuzumira n'kuona kuti ndi iye, ankabwerera. Anali atazolowera kumuona pakhonde, ndipo amene anawazoloweza ndine. Anabwera kunyumba kuno kamodzi, anakhala pamene wakhala Mphatsopo, n'kundipempha kuti Lachiwiri lililonse ndizipita kukangokhala pabenchi, osagwira chida chilichonse, kungowauza anzanga kuti alowe. Ndinati ndiganiza. Sindinapite, ndinkaopa kukumana ndi Che Bwanali akubwera kudzasintha chubu. Esinati anapempha kusamukira ku Lilongwe, ndipo ndikumva kuti kumeneko amamulimbirana. Chipinda changa chija anaikamo makatoni. Mdala wa kuno akatsekeka mkodzo tsopano amakwera minibasi ulendo wa tsiku lonse, chikhodzodzo chili chodzaza, m'mabampu onse aja.

Koma mtanga wa chambo sunasiye kubwera. Chaka chilichonse, wonyamula ankati, "Akuti mupereke kwa achimwene awo amene anawapulumutsa." Chambo chimene munkalimbirana mitu chija, ndicho chimenecho. Munkadabwa kuti agogo bwanji akudyera masamba pali nsomba, ine n'kumati mano. Sanali mano.

Zaka zinayi sindinaponde ku Nkhudzi. Agogo anu aakazi ndinali nditawauza zonse, ndipo sanandinyoze, koma sanandisiyenso. Mtanga ukafika ankauika patsogolo panga n'kunena kuti, "Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mukufuna mukapepese pamanda?" Chaka chathachi, mwezi wotentha uja mango asanapse, ndinavala jekete n'kukwera minibasi. Panjira yolowera ku Nkhudzi ndinakwera njinga ya kabaza, ndipo wopalasayo anandifunsa ngati ndikudwala malungo, poti ndinkagwedeza njinga yonse.

Che Bwanali ndinawapeza pamkeka pansi pa mtengo wa mango, cha m'ma leveni, akusoka ukonde umene sauponyanso okha. Anali atachepa thupi. Thumba la mkodzo analimangirira kumwendo mkati mwa mkanjo, koma kukatentha fungo silibisika, ndipo ntchentche zinali zitawapeza. M'boti anasiya kukwera, chubu chinkakoka akamapalasa. Abiti Saidi anandinong'oneza pondilandira kuti ngakhale kumzikiti anasiya kupita. Shehe anabwera kawiri kudzawauza kuti wodwala Mulungu amamumvetsa, abwere adzaswali ndi anzawo, koma iwo ankati sangaime pamzere phewa ndi phewa ndi anthu osamba bwino, iwo akununkha. Munthu amene kuyambira unyamata sankaphonya Lachisanu.

Che Bwanali anandilandira ndi manja awiri. "Achimwene, mwatitaya. Kapena nsomba zathu zimafika zowola?"

Tinacheza za mvula, za ana, za utaka umene ukusowa. Abiti Saidi anabweretsa tiyi ndi zitumbuwa n'kubwerera kuseri. Ndinaona kuti ndikapanda kunena tsopano ndikwera minibasi ndi katundu wanga yemwe uja.

"Achimwene, ndabwera ndi mlandu," ndinatero. "Chubu chimenechi si cha likodzo. Ndinakuvulazani ndine. Manja anga anali atayamba kale kunjenjemera, ndinkabisa. Tsiku lija ndinang'amba njira ndi chitsulo, katatu, chifukwa ndinkachita manyazi kuitana mwana uja. Amene anakupulumutsani ndi iyeyo. Ine ndinakuonongani, ndipo m'buku ndinalemba bodza."

Sanasiye kusoka. Anamaliza mfundo imene anali nayo, anadula ulusi ndi mano.

"Ndimadziwa," anatero.

Ndinaona ngati sanamve bwino, ndinayamba kubwereza. Anakweza dzanja.

"Ndati ndimadziwa, achimwene. Paukwati wa mwana wanu wotsiriza ndinakuonani mukutaya thobwa pamalaya, chikho mutachigwira ndi manja awiri. Ndiye tsiku lija ndinaona golovesi ikukukanani. Ine msodzi, dzanja la munthu ndimaliona asanagwire chingwe."

"Nanga munamutulutsiranji mwana uja?"

"Mukuganiza kuti ndinkaopa kuvula? Munthu wa masiku awiri osakodza alibe manyazi, ndikanavula ngakhale pamsika. Koma ndikanati, mwanawe ndigwire ndiwe, ndiye kuti ndakuvulani inu pamaso pa mwana, m'chipinda chanu chomwe. Ndinamutulutsa kuti asaone manja anu. Ndinkati mukatsala nokha mtima ukhala pansi, mwina dzanja likhazikika."



"Chitsulo choyamba chija chitalephera," anapitiriza, "ndinkadikira kuti munene nokha kuti alowe. Si ine ndikanayenera kunena, eni chipinda munali inu. Ndinaluma kofia ndikuwerenga. Kachiwiri ndinati tsopano aitana. Kachitatu ndinati basi, achimwene asankha."

Sananene mokalipa. Ananena ngati akufotokoza za mphepo ya dzulo. Ndikanakonda akanandimenya ndi chopalasira. Ndinalira, ana inu, ine agogo anu, mamina ndi misozi pamkeka wa eni, ndipo iwo anandisiya ndilire. Nditawafunsa chifukwa chake ankauza anthu kuti ndinawapulumutsa, anati, "Nanga ndiziti chiyani? Tinakulira limodzi. Ndikakunyozani inu, anthu aziti Bwanali anali ndi mnzake wotani?"

Sindinawerengere masiku ponyamuka kuno, koma tsikulo linali Lachisanu. Dzuwa litafika pamutu kunamveka kuitana kwa kumzikiti, ndipo amuna anayamba kudutsa panjira ya kumaso kwa nyumba, atasamba, atavala mikanjo yoyera, akununkhira mafuta. Ataona mlendo pamkeka anapatuka kudzapereka moni, anthu ngati asanu ndi awiri, ena madala, ena ana awo. Che Bwanali anakokera mkanjo kuphimba mwendo uja.

"Awa ndi achimwene anga," anawauza. "Adokotala aakulu aja ndimakuuzani."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anabwerera ku ukonde wawo. Mpata wonena zoona pamaso pa anthu unali umenewo, anandisiyira dala kapena ayi, sindidziwa. Anthu aja anavula nsapato m'mphepete mwa mkeka, anawerama, wamkulu wawo n'kuti, "Mulungu akudalitseni, bambo, munatisungira munthu." Ndipo ine ndinatambasula dzanja lomwe lija, likunjenjemera, n'kulandira moni wawo mmodzimmodzi mpaka womaliza, osanena kanthu.